Ndigule bodi iti yoti isandithere msanga? Zokambirana pa gulu la akompyuta a Dedza ndi Ntcheu

Wa Vidiyo pa Lizulu: Mwaswera bwanji akuluakulu. Kompyuta yomwe ndimakonzera mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe yatopa. Ndi ija ya ex-UK ya muofesi, purosesa yake ndi Intel i5-6500, ya m'badwo wa 6. Masiku ano aliyense akujambula 4K pa foni, ndiye ndikangoika mavidiyo awiri pamodzi makina amayamba kudodoma. Kutulutsa ukwati umodzi ndimasiya usiku wonse, magetsi akathima pakati ndiye kuyambiranso. Alamu anga a ku Johannesburg akubwera mwezi wamawa, ndikufuna anditengere bodi, ija motherboard yomwe zipangizo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo, ndi purosesa. Koma sindikufuna chinthu choti pakatha zaka ziwiri mudzandiuze kuti mapurosesa atsopano salowapo. Ndigule iti?

Mnyamata wa Magemu ku Tsangano: Achimwene musavutike, AM5 basi. Soketi ya AMD imeneyi, malo a pa bodi pomwe purosesa imakhala, inatuluka mu Seputembala 2022 ndi Ryzen 7000, kenako kunabwera Ryzen 8000G, kenako Ryzen 9000 mu 2024, onsewo pa soketi imodzimodzi. AMD inalonjeza yokha pa Computex ya 2024 kuti AM5 ikhalapo mpaka 2027 ndi kupitirira. Tengani bodi ya B650 kapena B850, muikepo Ryzen 5 7600 lero. M'badwo wotsatira wa AMD, Zen 6, ukatuluka mudzangozula n'kuikapo ina. Nkhani yatha.

Nabanda wa Stationery, Ntcheu: Mwana iwe, nkhani yatha bwanji isanayambe n'komwe?

Mmisiri wa pa Dedza Boma: Mphwanga wa magemu sananame, koma wayankha funso lomwe limayankhidwa komaliza. Achimwene a pa Lizulu, tsegulani kaye makina anuwo. Zulani RAM imodzi, ija memory ya kompyuta, muwerenge kapepala kali pamwamba pake. Pakalembedwa PC3L ndiye kuti ndi DDR3L, pakalembedwa PC4 ndi DDR4. Makina a i5 ya m'badwo wa 6 analipo a mitundu yonse iwiri. Mundiuzenso ngati bokosi lake ndi lija lopyapyala logona chafufumimba pa tebulo kapena lalikulu loimirira.

Wa Vidiyo pa Lizulu: Ndatsegula a Phiri. Zilimo ziwiri, iliyonse yalembedwa 8GB PC4-2133P. Bokosi ndi lopyapyala lija. Fumbi lomwe lili m'katimo ndiye musafunse, ndili m'mphepete mwa M1 penipeni.

Mmisiri wa pa Dedza Boma: Ndiye muli ndi 16GB ya DDR4 m'manja. Gwiritsitsani imeneyo, ndi chuma. AM5 siilandira DDR4 ngakhale pang'ono, imafuna DDR5 yokha. Musanyengedwe kuti zonse zili ndi mapini 288, kampata ka pakati kali pamalo osiyana, simungaikankhiremo. Ndipo kuyambira kumapeto kwa 2025 mtengo wa RAM wakwera koopsa padziko lonse chifukwa makampani a AI akusesa memory yonse kumafakitale. Mukasankha AM5 ndiye kuti mukugula zinthu zitatu nthawi imodzi, bodi, purosesa ndi RAM. Bokosi lanulo nalo silithandiza. Makina a muofesi ngati a Dell ndi HP ambiri ali ndi bodi ya kapangidwe kawokawo, power supply yake ili ndi mapulagi akeake, mawaya a batani loyatsira nawonso ndi ena. Bodi yogula payokha siikhalamo. Werengerani bokosi latsopano ndi power supply yatsopano, kaya musankha AMD kaya Intel.

Wa Vidiyo pa Lizulu: Ine ndimaganiza kuti ndingosintha purosesa yokha mwina, ndiikemo i7 ya m'badwo wa 8. Ndinaona pa intaneti kuti soketi ya zonse ndi LGA1151.

Aphunzitsi a ku Bembeke: Pamenepo ndiye pamagwa anthu ambiri. Dzina la soketi ndi limodzi, purosesa imakhalanso bwinobwino m'malo mwake, koma siyaka. M'badwo wa 6 ndi wa 7 umayendera mabodi a mtundu (chipset) wa 100 ndi 200, pomwe wa 8 ndi wa 9 umafuna a 300. Pa makina anuwo pamene mungafike ndi i7-6700, mwina i7-7700 ngati BIOS, pulogalamu ya pa bodi yomwe imazindikira purosesa, ilola. Ndipo dziwani kuti Windows 10 inasiya kulandira chithandizo pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imayambira pa Intel ya m'badwo wa 8 kapena Ryzen 2000. Ndalama zomwe mungaike m'makina amenewo zingogona momwemo.

Mnyamata wa Magemu ku Tsangano: Mwaona? Khalidwe la Intel limenelo. LGA1151 kawiri, kenako LGA1200 ya m'badwo wa 10 ndi 11 yokha, pomwenso mabodi a H410 ndi B460 anakanidwa m'badwo wa 11. Kenako LGA1700. Pano LGA1851 ya Core Ultra 200S yomwe inatuluka mu Okutobala 2024, ndipo nkhani zonse zikuti m'badwo wotsatira, Nova Lake, ukubwera ndi soketi inanso. Pomwe AM4 inayamba 2016, mu 2024 AMD inali ikutulutsirabe mapurosesa atsopano ngati 5700X3D ndi 5600GT. Munthu anagula B350 mu 2017 lero akutha kuyendetsa Ryzen 5000. Intel inachitapo zotere liti?

Mmisiri wa pa Dedza Boma: Mbiri ya AM4 ndi yabwinodi, sindikutsutsa. Koma uinene yonse mphwanga. Mu Meyi 2020 AMD inalengeza kuti Ryzen za Zen 3, zomwe ndi Ryzen 5000, sizidzayenda pa B450 ndi X470. Anthu atakwiya ndi pomwe inabweza mawu. Eni mabodi a B350 ndi X370 anadikira mpaka 2022 kuti alandire BIOS ya Ryzen 5000. Chifukwa china chinali chakuti mabodi ambiri akale anali ndi kachipangizo kosungira BIOS ka 16MB kokha, malo osakwana mapurosesa onse, ndiye kuti alowetse atsopano ankachotsamo ena akale. Lonjezo la 2027 ndi la soketi. Kuti bodi yako yeniyeniyo idzalandira purosesa ya mawa zimadalira kampani yomwe inapanga bodiyo, ngati idzatulutse BIOS, komanso ngati mbali yopereka mphamvu ku purosesa, ija timati VRM, ili yolimba.

Nabanda wa Stationery, Ntcheu: Ine ndifunse funso la munthu wamalonda. Pa gulu lino, ndani anasinthapo purosesa yokha pa bodi yomwe anali nayo kale? Osati kumva, koma iye mwini.

Aphunzitsi a ku Bembeke: Ine ayi.

Mnyamata wa Magemu ku Tsangano: Ine ndikufuna kutero chaka chino.

Nabanda wa Stationery, Ntcheu: Kufuna tonse timafuna. Ine makina anga osindikizira makadi a ukwati ndi kutaipa ma CV ndinawagula ndikuuzidwa zomwezi, kuti mudzakweza m'tsogolo. Tsogolo lija litafika Kwacha inali itagwa, mukukumbukira 44 peresenti ija ya Novembala 2023, ndalama yomwe ndinasunga inangokwanira inki ndi mapepala. Zili ngati kugulira mwana yunifolomu yaikulu kuti akuliremo, pofika poti yamukwana yang'ambika kale m'zigongono. Kuno makina amafa ndi fumbi, mphenzi ndi magetsi obwera mwamphamvu, soketi isanathe n'komwe ntchito.

Mmisiri wa pa Dedza Boma: A Nabanda anena zomwe ndimaona pa benchi langa. Anthu osintha purosesa yokha alipo, koma pafupifupi onse amaikapo ya kaunjika, osati yotuluka kumene. Ndipo apa ndi pomwe nkhani ya soketi imatikhudzira ife mosiyana ndi anzathu akunja. Iwo amafunsa kuti purosesa ya chaka chamawa idzalowa? Ife funso lathu ndi lakuti, pakatha zaka zitatu kapena zinayi, ndi mapurosesa ati amphamvu omwe azungu adzakhale atawataya n'kufika kuno motchipa, ndipo adzalowa pa bodi yanga? Mukafunsa choncho, soketi yomwe ena akuti yatha imaoneka mwina. AM4 ili ndi Ryzen 7 5700X, 5800X, Ryzen 9 5900X mpaka 5950X ya ma core 16, timitu togwira ntchito ta m'kati mwa purosesa. LGA1700 ili ndi mibadwo itatu, 12, 13 ndi 14. Munthu woyambira pa i3 kapena i5 ali ndi masitepe ambiri okwera asanagunde denga.

Wa Vidiyo pa Lizulu: Ndiye mukuti ndisiye AM5?

Mmisiri wa pa Dedza Boma: Ndikuti muone thumba. Ngati mungakwanitse 32GB ya DDR5 pamodzi ndi zinazo osakongola, AM5 ndi njira yabwino ndipo ine ndikumangirani mosangalala. Ngati ndalama ili yoperewera, pali njira ziwiri zogwiritsa DDR4 yanuyo. Yoyamba, bodi ya B550 ndi Ryzen 5 5600G kapena Ryzen 7 5700G. Yachiwiri, bodi ya B660 kapena B760 ya DDR4 ndi i5-12400. Chenjerani pa yachiwiriyi, mabodi a LGA1700 alipo a DDR4 ndi a DDR5, ndipo maina ake amafanana kwambiri. Pa bokosi pazilembedwa DDR4 kapena D4.

Alamu a ku Johannesburg: Moni nonse, andilowetsa pa gulu kuti ndimve ndekha. Ine za makompyuta sindizidziwa, ndimagwira ya zomangamanga. Mundilembere dzina lenileni loti ndikangoonetsa pa kauntala. Ndafunsa kale sitolo ina, andionetsa 12400 ndi 12400F, ya F yotsikirapo mtengo. Nditenge yotchipayo?

Aphunzitsi a ku Bembeke: Ayi alamu, musatenge ya F! Chilembo chimenecho chikutanthauza kuti mulibe mbali yotulutsa zithunzi. Popanda graphics card mudzalumikiza sikirini kumbuyo kwa bodi n'kungoona mdima. Ku AMD n'chimodzimodzi, Ryzen 5 5600 yopanda G ilibe zithunzi, 5600G ili nazo. Pa AM5 ma Ryzen 7000 ndi 9000 ambiri ali nazo zochepa, kupatula a F ngati 7500F.

Mmisiri wa pa Dedza Boma: Ndipo kwa munthu wa mavidiyo nkhani yake ndi yoposa kungoona sikirini. M'kati mwa mbali yotulutsa zithunzi ya Intel muli Quick Sync, mbali yomwe ntchito yake ndi kumasula ndi kumanga mavidiyo a H.264 ndi HEVC. Mafoni ambiri akamajambula 4K amasunga mu HEVC, ndipo mtundu umenewu ndi wolemetsa purosesa ikamaumasula yokha. i5-6500 yanu ili nayo Quick Sync yakale, yosakwanitsa bwino HEVC ya 10-bit yomwe mafoni atsopano amatulutsa. Ya m'badwo wa 12 imaimasula mosavuta, ndipo mapulogalamu ngati Premiere amaigwiritsa ntchito. N'chifukwa chake kwa inuyo ine ndikupendekera ku 12400, ngakhale ndimakonda AMD. 12400 ili ndi ma core 6 ndi ma thread 12, pomwe yanu ili ndi 4 ndi 4.

Mnyamata wa Magemu ku Tsangano: Koma a Phiri, masitepe omwe mukunenawo ndi m'badwo wa 13 ndi 14, womwe uja unali ndi vuto lodziwononga wokha. Mukufuna achimwenewa adzagule i7 ya kaunjika yomwe inapsa kale m'kati?

Mmisiri wa pa Dedza Boma: Funso labwino, ndipo apa wandigwira pang'ono. Vutolo linalipodi. Mapurosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14, makamaka i7 ndi i9 ndi ma i5 a K, ankapempha voteji yochuluka n'kumafooka pang'onopang'ono mpaka makina kumangozima kapena pulogalamu kutsekeka yokha. Intel inavomera mu 2024, inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS, ija ya 0x129 mu Ogasiti ndi 0x12B mu Seputembala, n'kuwonjezera waranti ndi zaka ziwiri. Koma yomwe inawonongeka kale BIOS siichiritsa. Ndiye ya kaunjika ya mibadwo imeneyi ine sindingagule popanda kuiyesa pa benchi tsiku lathunthu. M'badwo wa 12 sunakhudzidwe. i7-12700 ilipo, ma core 12, ndipo kwa munthu wochokera pa 12400 ndi sitepe yooneka.

Mnyamata wa Magemu ku Tsangano: Sitepe imodzi yokha ndiye. Pa AM5 akanakhala ndi 7000, 9000 ndi zomwe zikubwera.

Nabanda wa Stationery, Ntcheu: Sitepe imodzi yomwe angaikwere, kapena zitatu zongoziyang'ana.

Admin: Tikumbutsane, otsatsa malonda dikirani Lachisanu. Ndachotsa uthenga wa mbewu ya kachewere, si gulu lake lino.

Wa Vidiyo pa Lizulu: Koma ndifunsebe za AM5 kuti ndidziwe, mwina alamu apeza zotchipa. Ndikuona A620, B650, B840, B850, X870. Nambala yaikulu ndiye yabwino?

Aphunzitsi a ku Bembeke: Ayi, ndipo B840 ndiye msampha. Dzina likumveka ngati yaposa B650, koma zochita zake zili kufupi ndi A620, siilola kukweza liwiro la purosesa ndipo njira zake zina zodutsa data ndi zochedwerapo, za PCIe 3.0. B850 ndi m'bale wake wa B650, kusiyana kwake n'kwakuti malo a SSD ya M.2, chosungira mafayilo chothamanga chija, amayenera kukhala a PCIe 5.0. X870 ndi X870E zinabwera mu 2024, chachikulu chomwe zinawonjezera ndi USB4. Pa ntchito yanu X870 ndi kutaya ndalama. B650 yabwino ikukwanirani, bola BIOS yake ikhale yatsopano ngati mukuikapo Ryzen 9000.

Mmisiri wa pa Dedza Boma: Mawu akuti BIOS abwera kambirimbiri, ndiye ndinenepo. Kukweza BIOS ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma magetsi akathima ili pakati bodi imatha kusanduka thabwa. Anandibweretserapo ina yotere kuchokera ku Linthipe. Mnyamata anayamba yekha madzulo, kamzere kali pakatikati, magetsi phethi. Kuyatsa, mafani akuzungulira, sikirini bii. Tinachita kuchotsa kachipangizo ka BIOS n'kukalemba ndi makina apadera. Choncho zinthu ziwiri. Musakweze BIOS popanda UPS, batire yosunga makina ali oyaka magetsi akathima, kapena inverter ya sola. Ndipo pogula bodi, yang'anani kumbuyo komwe kuli ma USB ngati kuli kabatani kolembedwa BIOS Flashback, ena amati Flash BIOS, ena Q-Flash Plus. Kabatani kameneka kamalola kuika BIOS kuchokera pa flash ngakhale purosesa palibe. Kwa ife okhala kutali ndi masitolo ndi kofunika kwambiri, chifukwa bodi ikakana purosesa yatsopano simudzayenda kufunafuna yakale yobwereka.

Wa Vidiyo pa Lizulu: Kabatani kameneka sindinkakadziwa.

Mmisiri wa pa Dedza Boma: China, kwa omwe ali pa AM4 ndipo akufuna kusintha okha. Pa AM4 mapini ali pa purosesa. Phala lija timapaka pakati pa purosesa ndi choziziritsira likauma limagwira zolimba, makamaka m'mawa wa mu Juni kuno ku Dedza. Mukakoka choziziritsira molunjika, purosesa imazuka nayo limodzi loko ali chitsekere, mapini n'kupindika. Yatsani makina kaye atenthe, zimitsani, masulani, kenako potozani pang'ono kumanja ndi kumanzere musanakweze. Ndawongolapo mapini ndi lezala pansi pa tochi ya foni, mzere ndi mzere, si ntchito yoifuna. Pa AM5 ndi pa Intel mapini ali m'soketi ya pa bodi, ndi opyapyala kuposa pamenepo. Purosesa ikakupulumukani n'kugwera m'menemo ndi ngodya, bodi yapita. Onani katatu kakang'ono ka pa ngodya, kalunjike ndi ka pa soketi, muitsitse mwaulemu osakankha.

Aphunzitsi a ku Bembeke: Muwauzenso za Windows. Laisensi ya makina a muofesi aja imakhala yomangirira ku bodi yake, siisamukira pa bodi yatsopano.

Wa Vidiyo pa Lizulu: Ndalama zikungowonjezekera. Bokosi, power supply, Windows, UPS.

Nabanda wa Stationery, Ntcheu: Ndiye mwaona chifukwa chake DDR4 yanu ija a Phiri anati ndi chuma.

Mnyamata wa Magemu ku Tsangano: Koma 2133 ndi yochedwa. Ndiponso 16GB pa 4K ndi yochepa.

Mmisiri wa pa Dedza Boma: Yochedwa inde, koma iyenda, ndipo kusiyana kwake sangakuone ngati momwe aonere kusiyana kwa purosesa. Atenge bodi ya malo anayi a RAM, osati awiri, kuti akapeza DDR4 ina ya kaunjika adzangowonjezera. N'chifukwa chake sindinatchule H610. Ndi yotchipa, koma malo a RAM ndi awiri okha ndipo zambiri VRM yake ndi yofooka, i7 ikadzabwera idzapuma movutikira. Ndalama yotsala aike pa SSD ya NVMe. Ngati mavidiyo akuwakonzera pa hard disk yozungulira ija, theka la kudodoma likuchokera pamenepo.

Wa Vidiyo pa Lizulu: Ndi yozungulira imene a Phiri, 1TB.

Mmisiri wa pa Dedza Boma: Ndinadziwa.

Alamu a ku Johannesburg: Ndiye ndilembe chiyani? Basi yanga imadzera Tete kutulukira pa boda ya Dedza, katundu ndili naye wambiri kale.

Wa Vidiyo pa Lizulu: Lembani chonchi alamu. Intel Core i5-12400 yopanda F, ya m'bokosi lake kuti ibwere ndi fani. Bodi ya B760 ya DDR4, malo anayi a RAM, yokhala ndi kabatani ka BIOS kumbuyo. SSD ya NVMe 1TB. Bokosi ndi power supply ndikagula ku Lilongwe ndi a Phiri, zingakulemetseni.

Mnyamata wa Magemu ku Tsangano: Ine ndalemba tsiku la lero. Zen 6 ikatuluka tidzakambirananso pa gulu pompano.

Wa Vidiyo pa Lizulu: Udzabwere nayo pa Lizulu mphwanga, tidzapikisane kutulutsa chinkhoswe chimodzi.

Mmisiri wa pa Dedza Boma: Alamu, pa sitolo atsegule bokosi la bodi muone kuti kachivindikiro kakuda ka pulasitiki kali pa soketi. Musakachotse, musalolenso wina kukhudza m'katimo ndi chala. Lisiti musunge. Bodiyo isalowe pansi pa basi pamodzi ndi masutikesi ndi zigubu za mafuta ophikira, ikhale m'chikwama chomwe muli nacho pampando.

Nabanda wa Stationery, Ntcheu: A Phiri, poti mwatchula za kutentha, anga aja ndi Ryzen 3 2200G pa bodi ya A320. Mukuti 5600G ingalowepo?

Mmisiri wa pa Dedza Boma: Zambiri zimalola, koma ndione dzina lonse la bodi kaye. Dinani batani la Windows ndi R, lembani msinfo32, mujambule pomwe palembedwa BaseBoard Product munditumizire. Ikakhala pa mndandanda wa kampani yake, mubwere nayo Loweruka m'mawa ndi 2200G ili momwemo, chifukwa BIOS tidzakweza ndi imeneyo tisanaizule.

Nabanda wa Stationery, Ntcheu: Loweruka ndili ndi makadi a ukwati oti atengedwe 10 koloko. Ndikwera minibasi ya masana, musatseke msanga.